Matenda a maganizo: azachipatala amawazindikira bwanji, ndipo amati amachokera kuti?

Munthu akayamba kulankhula yekha, kukana chakudya, kapena kuchezera usiku wonse akuyendayenda, abale amayamba akambirana chimene chamuchititsa, ndipo yankho limene agwirizana ndi lomwe limasankha kolowera. Akati walodzedwa, ulendo ndi wa kwa sing'anga. Akati ndi ziwanda, amaitana abusa. Akati ndi chamba, amamukalipira kapena kumumanga. Akati ndi malungo, amafuna kabaza wa kuchipatala. Azachipatala nawonso ali ndi mafotokozedwe awo angapo, ndipo sikuti amagwirizana pa zonse. Kafotokozedwe kalikonse kamaona mbali ina n'kuphonya ina, ndipo chithandizo chimene wodwala angalandire chimadalira kwambiri kafotokozedwe kamene womuthandizayo wagwira.

Chachilendo chimasanduka liti matenda?

Matenda ambiri a maganizo saoneka m'magazi kapena pa X-ray. Amazindikirika pomvetsera wodwala, pofunsa amene amakhala naye, ndiponso poona mmene akulankhulira ndi kuchitira zinthu. Pochita zimenezi, azachipatala amayang'ana zinthu zinayi, ndipo palibe chimodzi mwa izo chokwanira pachokha.

Choyamba ndi kusiyana ndi zimene anthu a kumaloko amaziona ngati zabwinobwino. Muyezo umenewu ndi wofooka kuposa ina yonse, chifukwa umasintha malinga ndi malo. Wogwidwa ndi mizimu pamwambo, kaya mabzyoka kuno kuchigwa cha Shire kapena vimbuza kumpoto, kapenanso wolankhula malilime kutchalitchi, sawerengedwa kuti akudwala ngati zachitikira pamwambopo, anzake akuzimvetsa, ndipo m'mawa mwake watenga khasu ngati kale. Muyezowu wagwiritsidwaponso ntchito mwankhanza: mu 1851 dokotala wa ku America, Samuel Cartwright, analemba kuti akapolo othawa ambuye awo anali ndi matenda a maganizo.

Chachiwiri ndi kuvutika kwa mwiniwake. Apa palinso vuto, chifukwa munthu amene matenda a bipolar (amene nthawi zina amakweza munthu mopitirira, nthawi zina kumukhumudwitsa kwambiri) amukweza amamva bwino kwabasi: sagona koma satopa, amagawa katundu, amalonjeza zinthu zikuluzikulu, ndipo ovutika ndi apabanja pake. Kwinaku wofedwa amavutika koopsa koma sakudwala.

Chachitatu, chimene chili cholemera kwambiri pa zonsezi, ndi kulephera kuchita zimene munthuyo ankachita. Funso lake ndi lapafupi: kodi akupitabe kudimba, akusamba, akuyamwitsa mwana, akufikabe kuntchito yodula nzimbe ku Nchalo, akukhoza kuwerengera ndalama pamsika? Munthu amamuyerekeza ndi mmene iyeyo analili kale, osati ndi anthu ena. Wachete chibadwire amene akadali chete alibe vuto. Wocheza amene wasiya kutuluka m'nyumba kwa mwezi wathunthu ndiye wofunika kumufufuza.

Chachinayi ndi ngozi, kwa iye mwini kapena kwa ena. Anthu amathamangira pamenepa, komatu odwala ambiri sachita chiwawa. Kawirikawiri iwo ndi amene amamenyedwa, kugendedwa ndi kugwiriridwa. Ngozi yoyenera kuifunsa nthawi zonse ndi yodzipha, ndipo kufunsa mosapita m'mbali sikumuika munthu maganizo amene analibe.

Pamwamba pa zinayizi pali nthawi. Mabuku awiri amene amandandalika matendawa, ICD-11 ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO imene inayamba kugwira ntchito mu 2022 ndi DSM-5 ya ku America imene inatuluka mu 2013, amaika malire a masiku. Kukhumudwa kumawerengedwa matenda kukakhala tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pamodzi ndi zizindikiro zina monga kusasangalala ndi chilichonse, kusowa tulo, kusafuna kudya, kufooka ndi kudziona wachabechabe. Kukwera kwa bipolar kumafuna sabata imodzi. Maloto oopsa, kudzidzimuka ndi kuona ngati ngozi ikuchitikanso ndi zachibadwa m'masiku oyamba munthu akapulumuka madzi osefukira. Zikapitirira mwezi, DSM-5 imazitcha PTSD, matenda obwera munthu akakumana ndi zoopsa. Pa schizophrenia, matenda amene munthu amamva mawu popanda wolankhula ndi kukhulupirira zinthu zosatheka, mabukuwa amasiyana: ICD-11 imafuna mwezi umodzi, DSM-5 miyezi 6. Kusiyanaku kukusonyeza kuti malirewa anachita kugwirizana akatswiri. Ndi othandiza posankha chithandizo, koma dzina la matenda limangofotokoza zimene zikuoneka, silinena chimene chayambitsa. Potsatira malire otere, WHO inawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi pa anthu 8 alionse padziko lonse anali ndi vuto la mtundu umenewu, ambiri mwa iwo nkhawa ndi kukhumudwa, osati oyenda maliseche pamsewu amene timayamba kuwaganizira.

Kafotokozedwe koyambira m'thupi

Kafotokozedwe aka kamati maganizo ndi ntchito ya ubongo, choncho ubongo ukasokonezeka, khalidwe limasintha. Kanapeza mphamvu mu 1913 pamene Hideyo Noguchi anapeza tizilombo ta chindoko mu ubongo wa anthu amene anamwalira ndi mtundu wina wa misala, ndiponso mu 1952 pamene madokotala a ku France anaona kuti mankhwala a chlorpromazine amachepetsa mawu amene odwala amamva.

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, kafotokozedwe kameneka kayenera kukhala koyamba kukagwiritsa ntchito, osati chifukwa kamaposa ena onse koma chifukwa zimene kamapeza zimapha msanga. Munthu amene wasokonezeka m'maola kapena m'masiku ochepa, sakudziwa pamene ali kapena tsiku, akusinzasinza, masana akukhalako bwino usiku n'kubwebweta, akuona tizilombo pakhoma, ameneyo adwala m'thupi kufikira zitatsimikizika kuti si choncho. Zochita zake n'zodziwika: kumuyeza kutentha kwa thupi, malungo, shuga ndi HIV, kuona ngati khosi lauma, kufunsa ngati anavulala m'mutu, ngati anakomoka, ngati wabereka posachedwa, ndiponso mankhwala amene akumwa. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi ndi kutsika kwa shuga sizidikira. Chidakwa cha kachasu chikasiya mowa mwadzidzidzi, mwina chifukwa chagonekedwa m'chipatala kapena chatsekeredwa, chimayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona zinthu patapita masiku awiri kapena atatu, ndipo chingafe. Kusiyana kwake ndi schizophrenia n'kwakuti wa schizophrenia nthawi zambiri amadziwa pamene ali, amakhala maso bwinobwino, vuto lake limakula pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi, amamva mawu kuposa kuona zinthu, ndipo limayamba ali mnyamata kapena mtsikana. Munthu wa zaka zoposa 40 akasokonezeka koyamba, thupi liyenera kufufuzidwa mosamala kwambiri.

Ngakhale chakudya chimalowapo. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anali kum'mwera kwa dziko lino anadwala pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa vitamini B3, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira n'kutsala akudalira chimanga. Zizindikiro zake ndi khungu lakuda losupuka pakhosi ndi pamanja pamene pamawomba dzuwa, kutsekula m'mimba, ndi kusokonezeka mutu. M'chaka cha njala kapena kumisasa ya anthu osamutsidwa ndi madzi, wodwala wotere amafunika vitaminiyo ndi ndiwo monga nyemba, mtedza ndi nsomba, osati ulendo wa ku Zomba.

Nanga za kumtundu? Schizophrenia imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 100. Kholo limodzi likakhala nayo, mwana mmodzi pa 10 ndi amene angadzadwale. Pa mapasa obadwa ku dzira limodzi, mmodzi akadwala, mnzake amadwalanso pafupifupi theka la nthawi. Chiwerengero chomalizachi chimanena zinthu ziwiri: chibadwa chili ndi mphamvu, komanso sichokwanira, poti anthu awiri a chibadwa chimodzi akhoza kusiyana. Banja lokana ukwati chifukwa chakuti amalume a mtsikana anadwalapo likuwerengera molakwa.

Za timadzi timene timanyamula uthenga pakati pa maselo a ubongo zimafunika kuzinena mosamala. Umboni wakuti dopamine amakhudzidwa pa kumva mawu ndi kukhulupirira zinthu zosatheka ndi wolimba ndithu, ndipo mankhwala a matendawa amagwira ntchito pochepetsa mphamvu yake. Koma zoti kukhumudwa ndi kuchepa chabe kwa serotonin n'kufupikitsa nkhani mopitirira. Mankhwala a kukhumudwa amathandiza anthu ambiri, koma zimenezi sizitsimikizira kuti chiyambi chake ndi timadzito.

Zimene munthu anaphunzira ndi zimene amadziuza

Sigmund Freud ankati vuto limachokera ku mikangano yobisika mumtima imene inayamba paubwana. Zambiri zimene ananena n'zovuta kuziyesa, ndipo chithandizo chake chotenga zaka sichingatheke pachipatala cha boma. Chimene chatsalapo chothandiza n'chakuti nkhanza, umasiye ndi kusasamalidwa paubwana zimasiya chipsera, ndiponso kuti munthu angachite zinthu pa chifukwa chimene iye mwini sakuchizindikira.

Kafotokozedwe ka kuphunzira ndi kothandiza kwambiri. Ivan Pavlov anaonetsa kuti galu akazolowera kumva kaphokoso kena asanalandire chakudya, amayamba kuchucha dovu akangomva kaphokosoko. Mu 1920 John Watson ndi Rosalie Rayner anachititsa khanda kuopa khoswe woyera pomenya chitsulo kumbuyo kwake nthawi iliyonse likamugwira. Mantha amaphunziridwa chimodzimodzi. Mwana amene anadzutsidwa usiku madzi atalowa m'nyumba pa nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022, kapena wa Freddy mu Malichi 2023, angayambe kunjenjemera akangomva mvula pamalata, ngakhale banja litasamukira kumtunda.

Funso lofunika n'lakuti manthawo satha bwanji pamene mvula yagwa kambirimbiri popanda ngozi. Yankho lake ndi kupewa. Mwana akakana kupita kusukulu kukachita mitambo, mtima wake umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo mpumulo umenewo umamuphunzitsa kuti kuthawa ndi kumene kwamupulumutsa. Sapeza mpata woona kuti akanapita sichikanachitika chilichonse. N'chifukwa chake chithandizo chake ndi kuyandikira choopedwacho pang'onopang'ono: kuyamba ndi kukambirana za mvula kuli dzuwa, kenako kukhala pakhonde ndi kholo mvula yowaza ikugwa, kenako kuyenda kamtunda kochepa, ndipo pa sitepe iliyonse kukhalapo mpaka mantha atatsika okha. Kumene anthu amalakwitsa ndi kuwiri: kumukankhira mwana pa sitepe yomaliza tsiku loyamba, kapena kumuchotsapo mantha ali pachimake, zimene zimalimbitsa phunziro lakale lija. Cholinga si kuchotsa kusamala konse; wokhala m'mbali mwa Shire, Ruo kapena Mwanza ayenerabe kumvera chenjezo la madzi.

Aaron Beck, m'zaka za m'ma 1960, anawonjezera kuti chimene chimavutitsa munthu si chochitika chokha koma tanthauzo limene wachipatsa. Alimi awiri thonje lawo laonongeka ndi mbozi. Wina akuti chaka chino chavuta, ayesa dimba la chimanga madzi akaphwa. Winayo akuti ndine wolephera, anthu onse akundiseka, palibe chidzasinthe. Beck anaona kuti wokhumudwa amaipitsa zinthu zitatu zimenezi: iye mwini, dziko lomuzungulira, ndi tsogolo. Akatero amasiya kulima ndi kucheza, umphawi ndi kusungulumwa zimakula, ndipo zimaoneka ngati zatsimikizira maganizo ake. Mlangizi amadula mzere umenewu pomuthandiza kufufuza umboni wa ganizo lililonse, ndi kupangana naye zochita zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku asanayambe kumva bwino, osadikira kuti chilakolako chibwere kaye. Mzere womwewu umaoneka mwa anthu obwera kuchipatala mobwerezabwereza akudandaula za mtima: mtima ukathamanga pang'ono amaganiza kuti akufa, manthawo amauthamangitsa kwambiri, zimafika pachimake m'mphindi zochepa n'kutsika, ndipo akayezedwa zonse zimapezeka bwino.

Umphawi, mudzi ndi mizimu

Kafotokozedwe koona za chikhalidwe kamatulutsa vutoli m'mutu mwa munthu n'kuliika pa zimene akukumana nazo: njala, katapila, ngongole ya banki m'khonde, nkhanza za m'banja, kulandidwa katundu mwamuna akamwalira, kusamutsidwa chaka ndi chaka monga zimachitikira anthu a ku Makhanga. Umphawi umabweretsa matenda a maganizo, matendawo n'kukulitsa umphawi. Kamatikumbutsanso kuti anthu safotokoza vuto lawo ndi mawu a m'buku. Mayi wokhumudwa sanena kuti wakhumudwa. Amati mutu ukundipweteka, thupi lonse laphwanya, ndikuganiza kwambiri. Akangopatsidwa panado amabweranso mwezi wamawa. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene amayi achikulire ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi munthu maulendo 6 kumuthandiza kusankha vuto limodzi, kulingalira njira, ndi kuyesa imodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imachepetsadi zizindikiro.

Kafotokozedwe ka ufiti ndi mizimu sikali m'mabuku a chipatala, koma ndi kamene mabanja ambiri amayambira, ndipo kukaseka n'kutaya wodwala. Kamayankha funso limene dokotala sayankha: chifukwa chiyani ineyo, ndipo chifukwa chiyani pano? Mapemphero ndi kusonkhana kwa abale zimatonthoza ndithu. Kuipa kwake kuli pa zinthu zenizeni: kuchedwa, poti munthu amene wayamba kumva mawu akakhala miyezi yambiri osalandira mankhwala amavuta kuchira, kuuzidwa kusiya mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, kumangidwa maunyolo ndi kusalitsidwa kudya, ndiponso kuloza chala. Agogo amene ubongo wawo wayamba kuiwala, osochera usiku n'kupezeka pakhomo pa eni, amene amavomera chilichonse akafunsidwa mwaukali, amatchedwa mfiti pamene akudwala dementia. Wazachipatala wanzeru salimbana ndi chikhulupiriro cha banja; amapangana nalo kuti mapemphero apitirire, mankhwala asasiyidwe, ndipo chingwe chimasulidwe.

Kuika zonse pamodzi

Mu 1977 George Engel analemba kuti matenda ayenera kuonedwa m'thupi, m'maganizo ndi m'chikhalidwe nthawi imodzi. Chaka chomwecho Joseph Zubin ndi Bonnie Spring anafotokoza kuti munthu aliyense ali ndi mulingo wake wa chiopsezo, ndipo matenda amabuka mavuto akapyola mulingowo. Zili ngati nyumba za m'mbali mwa mtsinje: yomangidwa kudambo imalowa madzi ngakhale mtsinje utakwera pang'ono, yapachulu imafuna chigumula chenicheni, koma palibe imene madzi sangaifikire.

Pogwira ntchito, maganizo amenewa amasanduka mafunso anayi. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22 wa ku Bangula amene wayamba kumva mawu omunyoza. N'chiyani chinamuika pachiopsezo? Mwina mbale wa bambo ake anadwalapo, ndipo iye anayamba chamba ali ndi zaka 14. Kusuta kwambiri kuyambira ali wamng'ono kumakweza chiopsezo. N'chiyani chautsa matendawa panopa? Ntchito yatha, wagona masiku angapo osapeza tulo. N'chiyani chikuwapitiriza? Akusutabe, kunyumba amamukalipira tsiku lililonse, ndipo chipatala chili kutali. N'chiyani chingamuteteze? Mlongo wake amene amamumvera, ndi luso lokonza njinga. Pa mafunso onsewa, lachitatu ndi limene limapindula kwambiri. Chibadwa sitingachisinthe, ntchito inatha kale, koma chamba, kukalipirana ndi kapezedwe ka mankhwala zingasinthidwe mwezi uno. Kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti odwala schizophrenia okhala m'mabanja odzudzula ndi kunyoza amabwereranso kudwala kawirikawiri kuposa ena, ngakhale akumwa mankhwala.

Zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje ndi poyambira. Zovuta kwambiri zimatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. Odwala ambiri safunika kugonekedwa. Ofunika kuthamanga nawo tsiku lomwelo ndi amene wasokonezeka ali ndi kutentha thupi, amene wanena za kudzipha kapena wayesa, amene wasiya kudya ndi kumwa, ndi mayi amene wasokonezeka m'masabata awiri oyamba atabereka, zimene zimachitikira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse. Kumene kuli munthu woganiza zodzipha, mankhwala a mbewu, a thonje ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba.

Chithandizo chikalephera, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono. Mankhwala a kukhumudwa, amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamapita masabata awiri mpaka anayi, ndipo ambiri amasiya sabata yoyamba poona kuti angouma kukamwa. Amitriptyline amayambira pa 25 mg usiku, koma munthu wamkulu wokhumudwa amafunika kukwezeredwa pang'onopang'ono ndi dokotala kufika pa 100 mpaka 150 mg. Wosiyidwa pa mulingo woyambira amagona bwino koma sachira. Mankhwalawa ndi oopsa akamwedwa ambiri, choncho asungidwe ndi wachibale. Munthu akachira apitirize kwa miyezi 9 mpaka 12. Asanapatsidwe, afunsidwe ngati anakhalapo sabata yosagona ali ndi mphamvu zodabwitsa, chifukwa wa bipolar akamwa mankhwala a kukhumudwa okha angakwere. Pa mankhwala a bipolar, carbamazepine amachepetsa mphamvu ya ma ARV a dolutegravir, ndipo sodium valproate angavulaze mwana wosabadwa, ndiye za ma ARV ndi za pakati zinenedwe poyera.

Mankhwala a schizophrenia, monga haloperidol, chlorpromazine ndi jakisoni wa fluphenazine, angaumitse thupi, kunjenjemeretsa manja ndi kuchuchitsa dovu. Nthawi zina m'masiku oyamba khosi limapindika, maso n'kuyang'ana kumwamba, lilime kutuluka. Abale amaona ngati chiwanda chabwerera n'kutaya mapiritsi, chonsecho mankhwala ena otchedwa benzhexol kapena kuchepetsa mulingo kumathetsa zimenezi. Mawu akasiya kumveka koyamba, mankhwala apitirire kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo kusiya kukhale kwapang'onopang'ono mogwirizana ndi chipatala. Kwa ife a kuchigwa pali chinanso: mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo chlorpromazine amachepetsa mphamvu ya thupi yodziziziritsa, amapsereza khungu padzuwa, ndiponso amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Womwa mankhwalawa alime m'mamawa, avale chipewa ndi malaya a manja aatali, amwe madzi pafupipafupi. Akatentha thupi, minofu n'kuuma gwa, n'kuyamba kusokonezeka, asapatsidwenso piritsi lina ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale atayezedwa n'kupezeka alibe malungo.